Masuku Amene Anatichotsa ku Estates

Ana anga, nonse anayi mwandifunsapo, aliyense pa nthawi yake, chifukwa chimene tinachokera m'nyumba ya ku Estates patangotsala miyezi yochepa kuti kampani igulitse nyumba kwa okhalamo. Makolo a anzanu amene munkasewera nawo mumsewu uja ali momwemo mpaka lero. Ine ndinkangoyankha kuti anandidula ntchito. Zimenezo n'zoona, koma si zonse. Pakamwa panga mukupadziwa kulemera kwake, choncho ndaona kuti ndilembe.

1979

Ndinalowa ntchito mu Ogasiti, mphepo ikuulutsa fumbi la kumafakitale. Za ubwana wanga mukudziwa kale. Makolo anga anamwalira ndisanayambe sukulu, ndipo ambuya ananditenga kwathu ku Katete n'kubwera nane ku Kafue, kutsata mwana wawo amene ankagwira ntchito ya njanji. M'nyumba ya amalume munali ana asanu ndi awiri, ine wongowonjezera, ndipo ndinaphunzira msanga kuti mwana wotere amakhala bwino akatseka pakamwa n'kutsegula maso. Ambuya nawonso sanali munthu wa nkhani. Ankagulitsa zipatso pa sitesheni ya sitima, ine ndikuwanyamulira dengu kuchokera kumapiri.

Amene anandipezera malo ndi ba Njobvu, a mpingo umodzi ndi ambuya. Ankagwira ntchito m'chigawo chosamalira mayadi a nyumba za kampani ina ya ku mafakitale, nyumba zimene zinali ku Estates. Anali munthu wamfupi, wa mawu aakulu, wosavula chipewa ngakhale pansi pa mthunzi. Anandigwira pamkono ngati kamwana n'kukandiimika pamaso pa kapitawo, ba Mweemba.

"Uyu ni mwana wanga," anatero, ngakhale panalibe chibale chilichonse pakati pathu. "Sakamba, koma asebenza, ni wolimba pa nchito."

Ba Mweemba anandiyang'ana kuyambira kumapazi. "Sakamba? Ni bwino. Wokamba nili naye kale, anikwana."

Ba Njobvu anaseka kuposa aliyense, ndipo ndinalembedwa tsiku lomwelo.

Nazale yathu inali kuseri kwa malo okonzera magalimoto. Tinkafesa jakaranda, bugenivila, maluwa a rozi ndi kapinga. Mbewu zinkabwera m'timapepala tokongola tochokera kunja. Mtengo uliwonse womera wokha unkatchedwa thengo, ndipo ntchito yanga yoyamba inali kuzula chitimbe kuseri kwa nyumba ya bwana wina. Ndinakumba masiku awiri, muzu osatha. Pomaliza ndinangoudula pakati n'kukwirira, ndikuopa kuti ba Mweemba aona.

Muyenera kumvetsa chinthu chimodzi cha tauni yathu. Ku Kafue fataleza sitinkamuona ngati chinthu cha m'munda chabe. Amapangidwa pompano, fungo lake tinkadya nalo, ndipo pafupifupi banja lililonse linali ndi mlamu kapena mnansi wogwira ntchito kumene amapangidwako. Pamsika ankamugulitsa m'timapepala ngati mchere. Munthu akafuna kukuthokoza ankakupatsa kachitini ka topu, uja woyera ngati shuga wothira chimanga chikafika m'mawondo. Anthu ankathira pa repu, pa mango, pa maluwa a m'chitini, ngakhale pa maluwa a kumanda. Mwana akachedwa kukula ankamuseka kuti, "Mupatseniko topu." Ba Njobvu ndiwo anali mkulu wa chikhulupiriro chimenechi. Kwa iwo chomera chilichonse chochedwa kukula chinali ndi njala, ndipo ankati munthu woona chinthu chili ndi njala n'kungodutsa ali ndi mtima wa ufiti.

1985 mpaka 1990

Zaka zimenezi anandichotsa ku nazale n'kunditumiza kumayadi a mabwana, nyumba zisanu za m'munsi mwa phiri. Ndi nthawi imene ndinakwatira amai anu ndipo tinapatsidwa nyumba ija ya zipinda ziwiri zogona, yokhala ndi mpopi m'khitchini. Amai anu tsiku loyamba anatsegula mpopi n'kuutseka kangapo, akungoseka okha.

Ndi nthawinso imene zinthu zinayamba kusowa. Mbewu za kunja zinasiya kubwera. Mapaipi othirira tinkawamanga ndi mphira wa njinga mpaka paipi yonse kusanduka mfundo zokhazokha. Machubu a pulasitiki ofesera atatha tinayamba kutola mapaketi a mkaka m'mabini a mabwana, kuwatsuka n'kuwaboola pansi. Fataleza nayenso anasiya kutuluka ku sitolo ya kampani. Tauni yonse inkanunkha fataleza, koma chigawo chathu sichinalandirenso ngakhale thumba limodzi.

Ba Mweemba atapuma n'kubwerera kwawo ku Monze, ukapitawo unayenera kupita kwa ba Njobvu. Anakana, chifukwa panali mapepala a Chingerezi oti azilemba mwezi uliwonse. "Mupatseni mwana wanga uyu, anafika ku sekondale," anatero. Choncho ndinabwerera ku nazale monga kapitawo wa munthu amene ankanditchula mwana wake. Kwa zaka zonse zimene zinatsatira sindinawauzepo kuti chitani ichi kapena lekani icho. Ndinkangoyamba ntchito, iwo n'kutsatira, uku akundiuza kuti ndalakwitsa.

1992

Mvula inadula pakati pa dzinja, chimanga chikuyamba kumasula. Kampani inaletsa kuthirira mayadi. Mtsinje unali pafupi, koma makina opopa anali akufa ndipo zitsulo zake zinali zosapezeka. Pofika Okutobala kapinga yense anali atasanduka fumbi, marozi atauma, ndipo mipanda ya maluwa inkathyoka ukaigwira. Ntchito inachepa, ndiye ndinkangoyenda m'mayadi kuyang'ana. Ndinaona msikizi wa kuseri kwa kiliniki uli wobiriwira bii, amayi oyembekezera atakhala pamthunzi pake. Ndinaona nthudza za pachulu zikuphuka. Ndipo kuseri kwa nyumba ya bwana ija, chitimbe chimene ndinachidula chaka changa choyamba chinali chitandipitirira msinkhu, masamba ake ali gwa, popanda munthu wochipatsa dontho.

Ndinayamba kakona kanga kuseri kwa shedi ya nazale. Palibe amene anandiphunzitsa, ndinkangoyesa n'kulemba m'kabuku. Njere za chitimbe n'zouma khungu, zimafuna kuzinyika m'madzi otentha n'kuzisiya mpaka mawa. Za mtowo ndinkazikhula pa simenti mpaka zitaonetsa koyera pang'ono. Msikizi umafesedwa njere ikangogwa, utachotsa kachikopa kofiira kaja, ndipo umakonda dothi lakuya, ndiye ndi wabwino m'mayadi a kumunsi kumene kuli dothi lakuda. Mlombwa sindinkavutika nawo ndi njere. Ndinkadula nthambi yonenepa ngati mkono mvula isanagwe n'kuizika, koma pamalo osaima madzi, apo ayi imawola. Nthudza zimapanga mpanda umene mbuzi ngakhale wakuba sadutsa, kungoti pali zazimuna ndi zazikazi, ndipo wobzala umodzi angadikire zipatso mpaka imvi. Mkuyu ndinaphunzira mochedwa kuti suyenera kuyandikira nyumba, mizu yake itatseka paipi ya chimbudzi cha mlembi wina.

Ba Njobvu ankabwera kudzaima pakonapo, manja ali m'chiuno. "Iwe Daka, anthu anachoka kumunzi kuthawa thengo, manje iwe ufuna ulibweretse pa veranda?" Koma akamaliza kunyoza ankatenga chitini n'kuthirira.

Masuku ndiwo anandivuta zaka zitatu. Poyamba ndinasunga njere kuti ziume, osamera ngakhale imodzi, chifukwa njere ya suku imafuna kulowa m'dothi sabata lomwelo ladyedwa. Kenako anamera, koma akafika masamba anayi ankachita chikasu n'kuima. Ndiye ndinaganiza za pa sitesheni pamene ambuya ankagulitsa. Anthu analavula njere pamenepo zaka ndi zaka, koma sipanamere msuku ngakhale umodzi, pamene kuphiri, pansi pa mitengo ikuluikulu, timasuku tinali ngati udzu. Ndinatenga thumba n'kukapala dothi la pamwamba pansi pa misuku yakale, lija lokhala ndi timaulusi toyera tonunkhira bowa, n'kulisakaniza ndi mchenga. Mwa khumi ndi asanu amene ndinafesa, khumi ndi atatu anapirira. Munthu wina wa za nkhalango amene anadzatenga misikizi anandiuza kuti timaulusito ndi mizu ya bowa, ndipo ndi imene imadyetsa msuku. Tsiku lina mnansi anandipatsa kapepala ka topu, ndinayesa pa atatu, pang'ono chabe pakati pa zala ziwiri. Sabata lisanathe masamba anapsa m'mbali, ndipo onse atatu anauma. Ndinalemba m'kabuku kuti masuku sadya fataleza. Sindinauze munthu. Fataleza pa nazale panalibe, ndiye ndinaona ngati palibe chifukwa choyambitsira mkangano ndi ba Njobvu.

Novembala 1996

Kampani inali itapita kwa eni atsopano. Kudula anthu ntchito masiku amenewo ankakutchula kupuruna, mawu a ntchito yathu yodulira nthambi, ndipo ba Njobvu ankati ndife tokha mu Kafue amene tikudziwa kuti wopuruna sayamba ndi nthambi yoipa, amayamba ndi imene ili pafupi ndi dzanja. M'chigawo chathu tinali khumi ndi mmodzi, tinatsala awiri, iwo ndi ine. Panamvekanso kuti pakati pa chaka chotsatira nyumba zidzagulitsidwa motsika kwa okhalamo, koma okhawo amene adzakhale akadali pa ntchito. Wodulidwa ankapatsidwa mwezi umodzi kuti asamuke.

Woyang'anira watsopano anali ba Chanda, a ku migodi, aang'ono kwa ine, ovala tayi ngakhale dzuwa la Novembala. Sanali munthu woipa. Anabwera ku nazale masana ena n'kupita molunjika kuseri kwa shedi.

"Ba Daka, muli shani? Nimvela ati musunga thengo kuno."

Ndinawaonetsa. Anaima nthawi yaitali pa timisuku tanga khumi, timene tinali titafika m'chiuno.

"Nizakamba mosabisa," anatero. "Ba ku Lusaka bafuna nazale ivalike. Ine nabauza kuti ingaziimilile yeka. Kuli mwine famu ku njila ya Chirundu, afuna masuku obzala mazana atatu mu Malichi, kulibe kwamene awapeza. Mukamupasa, musala bonse babili. Mukakangiwa, umozi ayenda, na nyumba. Mungakwanise?"

Ba Njobvu anayankha ine ndisanatsegule pakamwa. "Ba bwana, uyu mwana wanga angamelese na chisulo."

Ndinangogwedeza mutu kuvomera. Ndinkadziwa kuti ndingathe.

Panthawiyo ba Njobvu anali ataika m'manda ana awo aakazi awiri m'zaka ziwiri, ndipo m'nyumba yawo, mumsewu womwe uja wathu, munali adzukulu asanu. Wamng'ono anali asanayambe kuyenda.

Mu Disembala ndinapita kuphiri kasanu ndi wilibala kukatenga dothi. Mwina mukukumbukira sabata lija ndinabwera ndi dengu lodzaza masuku n'kukulamulani kuti mudye mmene mungathere koma musataye njere. Tisa anadwala m'mimba, ndipo amai anu anandikalipira. Adzukulu a ba Njobvu nawonso anadya gawo lawo. Tinadzaza mapaketi a mkaka mazana anayi, kuti ena akafa atsale okwanira. Pofika pakati pa Januwale pafupifupi onse anali atamera, timasamba tofiirira tikutuluka m'mizere pansi pa denga la udzu. Tinagawana ntchito: ine ndinkabwera Loweruka, iwo Lamlungu akatuluka m'tchalitchi, kudzaona ngati pakufunika madzi.

Febuluwale 1997

Masamba anayamba kupsa m'mbali. Ndinati mwina ndi dzuwa, n'kuwonjezera udzu padenga. Ndinati mwina madzi achuluka, n'kuboola mapaketi ena pansi. Mzere woyamba unauma, wachiwiri n'kutsatira. Lolemba lina ndinagwada n'kuvundukula timasamba touma timene ndinkaphimbira dothi. M'paketi iliyonse munali kadzenje ka chala, kokwiriridwa bwinobwino, ndipo pansi pake panali timibulu toyera tosasungunuka bwino. Ndinatsegula khumi, makumi awiri. Zonse chimodzimodzi, kadzenje kumanzere kwa mbande. Ba Njobvu anali amanzere.

Sindinafune kukhulupirira, ndiye Lamlungu ndinapita n'kuima kunja kwa waya, kuseri kwa galimoto yakufa. Anabwera atavala jekete la kutchalitchi. Anatulutsa m'thumba pepala la shuga, n'kugwada pa mawondo awo okalamba aja, n'kuyamba paketi ndi paketi, akuimba nyimbo ya m'buku pansipansi. Ankaboola ndi chala, kuika, kukwirira, kenako kusisita dothi ngati akugoneka mwana.

Ana anga, apa ndi pamene ndimachita manyazi. Ndinaima pamenepo mpaka anamaliza mzere, ndipo sindinatulutse mawu. Munthu amene anandigwira pamkono kukandilembetsa ntchito, atagula topu ndi ndalama yochotsa pa ndiwo za adzukulu, atagwada m'matope ndi suti ya Lamlungu, ndikanayamba ndi liwu liti? Atachoka ndinalowa n'kuyamba kuzula mbande zimene zinkaoneka zamoyo, kutsuka mizu n'kuziika m'dothi lina. Ndinachita zimenezo masiku atatu, ndikuwauza kuti ndikusintha dothi chabe. Kunali kuchedwa. Aka kanali kachitatu kuthira. Kufesanso kunali kosatheka, chifukwa nyengo ya masuku inali itatha ndipo njere zatsopano kunalibe. Opulumuka anali makumi atatu ndi awiri, a m'mizere ya kumapeto kumene topu ankawathera asanafike. Amenewo ndinawasamutsira kuyadi kwathu, ndikunena kuti akufuna mthunzi wina.

Amai anu ndinawauza akuchapa kuseri kwa nyumba. Anasiya chovala m'beseni.

"Batate ba Tisa, ndiye muzakamba chani kuli ba Chanda?"

"Sin'nawauze ba Njobvu kuti masuku sadya fataleza."

"Nanga anakufunsani? Anachita mobisa. Imwe kambani chabe vamene munaona, si boza iyayi."

"Kuli ana asanu kuja."

"Nanga kuno kuli mbuzi?" Analoza inu, mukusewera pafupi ndi waya woyanikira. "Uku kunkhala zii kwanu kuzatigoneka panja, muzaona."

Sanalakwe. Ndikufuna mudziwe kuti amai anu anakumenyerani nkhondo, ndipo anakhala milungu iwiri osandilankhula kupatula za mchere ndi sopo.

Malichi 1997

Mwini famu anabwera, anayang'ana mapaketi opanda kanthu n'kukwera galimoto yake. Ba Chanda anatsala ataima pakati pa mizere, tayi ikuuluka.

"Chinachitika n'chani?"

"Ni dothi ya kulupili iyi, ba bwana," anatero ba Njobvu, mawu ali achisoni. "Ilibe chakudya. Nakhala nimuuza uyu mwana kuti vomela ivi vili na njala, koma samvela. Musamukalipile maningi, anayesa."

Ankanditeteza, mmene ankadziwira. Ndinayang'ana pansi.

Mawa lake ba Chanda anandiitana ndekha ku ofesi n'kutseka chitseko. Patebulo panali kalata imodzi yolembedwa kale, pamalo a dzina asanalembepo kanthu.

"Ba Daka, ine sindine wa munda, koma nili na menso. Vija khumi va kumbuyo kwa shedi vili bwino, dothi ni imozi. Nanga ivi vafa bwanji? Kuli wina anagwilako?" Anadikira. "Kambani chabe, ninshi tasiliza, nkhani yatha. Ba mudala ba Njobvu bakula kale. Imwe muli na zaka kusogolo."

Pawindo pankaoneka madenga a ku Estates. Ndinaganiza za mpopi wa m'khitchini, ndi za sukulu yanu imene inali pafupi moti munkabwera kudzamwa madzi pa buleki. Ndinaganizanso za ana asanu aja, kumene akanagawidwa, uyu kwa amalume, uyo kwa azakhali, aliyense wongowonjezera m'nyumba ya eni. Moyo umenewo ndimaudziwa kukoma kwake. Koma sindikufuna muziti atate anali mngelo. Chimene chinandilemera kwambiri n'chakuti zinali m'kabuku kanga kwa zaka ziwiri, mzere umodzi, ndipo ndikanaunena pakamwa mu Disembala bwenzi mbande zonse zili moyo.

"Kapitawo ndine," ndinatero. "Panali chinthu chimene n'nafunika kukamba, sin'nakambe. Mulandu ni wanga."

"Chinthu chabwanji?"

"Cha nchito."

Anandiyang'ana nthawi yaitali. Ndikhulupirira kuti anamva zimene sindinanene. "Mwaziba kuti na nyumba iyenda?"

"Naziba."

Analemba dzina langa pang'onopang'ono. Ndinapempha chinthu chimodzi, kuti mbande zopulumuka zija ndi timitengo ta kuseri kwa shedi ndipite nazo. Anati nditenge, pakuti nazale itsala ya maluwa a paofesi basi.

Meyi 1997

Tinali titasamukira ku Shimabala, pamalo a mlongo wa amai anu, m'nyumba ya zipinda ziwiri yopanda mpopi, madzi a pachitsime. Zotsalazo mukuzikumbukira kuposa ine, makamaka ulendo wa kusukulu. Ndinamanga denga la udzu pafupi ndi msewu wa ku Lusaka n'kuika pansi pake mapaketi anga makumi atatu ndi awiri, ndi misikizi, mitowo ndi nthudza. Nazale imene inakuphunzitsani nonse inayambira pamenepo. Ndinali nditatsimikiza kuti pa masuku amenewo sipafanso ngakhale limodzi.

Loweruka lina m'mawa ndinaona munthu akutsika basi, chipewa kumutu, jekete la kutchalitchi, kathumba m'manja. Anali ba Njobvu. Amai anu anawapatsa mpando ndi moni wamfupi n'kulowa m'nyumba. Anafunsa za inu mmodzimmodzi, anadandaula za mtengo wa basi, anati nazale yakale yakhala ngati manda popanda munthu womukalipira. Kenako anaimirira n'kupita pa mbande.

"Ehe, ni aba bamene banapulumuka." Anawerama n'kugwira tsamba limodzi. Kenako anatsitsa mawu, akumwetulira. "Daka, nikuuze chisinsi. Sin'nafune kukamba kuja, unali na chisoni. Aba, nine n'nabapulumusa. Pa Sande paliponse n'nali kuikako ka topu, mwakabisila, kuti usakalipe. Sembe sin'naike, sembe banafa bonse." Anatsegula kathumba kaja. Munali pepala la shuga lodzaza, lomangidwa ndi mphira. "Nakubweletsela. Uike lelo, baoneka bali na njala."

Anali atayamba kale kumasula mphira, chala cha kumanzere chikuloza paketi yoyamba. Ndinawagwira dzanja. Chiyambireni ndinali ndisanawagwirepo.

"Ba Njobvu, masuku sadya fataleza. Ndiye anawapha. Aba banapulumuka chifukwa anali kukusililani mukalibe kufika kuli beve."

Anandiyang'ana, kumwetulira kukadali pankhope ngati kwaiwalika pamenepo. Anayang'ana pepala, anayang'ana mbande. Kenako anakhala pansi, pa dothi, mpando uli pomwepo.

"Unaziba?"

"N'naziba."

"Kuchokela liti?"

"Kuti sadya, zaka zibili. Kuti ndimwe, mu Febuluwale."

"Pamene unangena mu ofesi ya ba Chanda, unaziba?"

"Ee."

Anavula chipewa n'kuchiika pabondo. Magalimoto a ku Lusaka ankadutsa. Amai anu anali ataima pakhomo, mbale ili m'manja, ndipo sanalowenso.

"Pa Mande niyenda ku ofesi," anatero ba Njobvu. "Nizakamba vonse."

"Mukayenda, ine sibazanibweza. Bazachosa na imwe. Nyumba zizayenda zibili."

"Manje nizankhala bwanji mu nyumba ija?"

"Muzankhala na bazukulu."

Atadzuka anakung'untha thalauza, anapita kwa amai anu n'kuwapatsa pepala lija ndi manja awiri. "Amai, ikani ku repu yanu." Amai anu analandira, akuyang'ana kumbali. Kenako anavula jekete, analipinda n'kuliika pampando, n'kukwinya manja a shati.

"Zaka zonse izi niganiza nine nikuphunzisa," anatero. "Bwela apa. Nionese mwamene vifunila, chimozi na chimozi. Koma ukambe, iwe. Ukambe na pakamwa."

Ndinayambira pa dothi la kuphiri, ndipo ndinalankhula mpaka dzuwa linafika pamutu.